Arduino, micro:bit, Pico kapena ESP32: loboti yoyamba tiyambire pa bodi iti?

Amene akufuna kuyamba kupanga maloboti funso lawo loyamba limakhala lomweli, ndigule bodi iti, kutanthauza kakompyuta kakang'ono kolamulira loboti, ndipo ambiri amafunsa ataonera kale mavidiyo ambirimbiri pa YouTube aliyense akutama yake mpaka mutu kusokonezeka. Ine ndimati tiyambe taona kaye loboti imeneyo. Loboti yoyamba ya anthu ambiri ndi kagalimoto ka matayala awiri ndi kathayala kena kongotsatira, mamota awiri achikasu aja, mabatire, kabodi koyendetsa mamota, ndi sensa imodzi kapena ziwiri, kaya yoyeza mtunda kuti kasagunde khoma kaya yotsata mzere wakuda pansi. Ntchito ya bodi pamenepa ndi yochepa zedi, iwerenge sensa, isankhe kukhota kumanja kapena kumanzere, iuze mamota, kenako ibwerezenso zomwezo kambirimbiri pa sekondi. Mabodi onse amene nditchule pano amatha zimenezi mosavutikira n'komwe. Ndiye kusankha poyang'ana kuti yamphamvu kwambiri ndi iti sikukuthandizani. Muziyang'ana kuti loboti ikakana kuyenda usiku muli nokha, thandizo mulipeza mwachangu bwanji, komanso ngati mavolti a bodiyo akugwirizana ndi masensa ndi timamota timene muli nato.

Arduino Uno

Ndiyambe ndi Uno chifukwa ndi imene ndingauze munthu wamkulu aliyense woyamba kumene kuti atenge, ngakhale mukaiika pambali pa zinzake pa pepala imaoneka yotsalira kutali. Arduino inayambira ku Ivrea, ku Italy, mu 2005, pasukulu yotchedwa Interaction Design Institute Ivrea, komwe Massimo Banzi ndi anzake ankafuna kuti ophunzira a zojambula ndi zokonza zinthu, amene sanaphunzire zamagetsi, athe kuyatsa tinyale ndi kuyendetsa timamota osayamba akhala zaka m'kalasi ya injiniya. Anamanga pa ntchito ya Hernando Barragán yotchedwa Wiring. Uno inatuluka mu 2010, ndipo kuyambira pamenepo anthu akhala akulemba za iyo mosalekeza, moti vuto lililonse limene mungakumane nalo wina anakumana nalo kale n'kulemba yankho lake pa intaneti. Phindu lake lalikulu ndi limeneli basi, ndipo si laling'ono.

Mkati mwake muli chip ya ATmega328P yothamanga pa 16 MHz, malo osungira pulogalamu ndi 32 KB, RAM ndi 2 KB yokha. 2 KB imeneyi ndi yochepa moti mukamalemba ziganizo zambiri zoti zizioneka pa Serial Monitor, zenera la pa kompyuta loonetsa zimene bodi ikutumiza, mutha kuidzaza osadziwa, bodi n'kuyamba kuchita zosamveka, kuima payokha kapena kudziyambitsanso. Koma kwa kaloboti kothawa khoma n'zokwanira ndithu, ndipo kuchepako kumakuphunzitsani kusamala. Ili ndi mapini 14 a digito, 6 mwa iwo ali ndi kachizindikiro ka ~ pambali, amenewo ndi 3, 5, 6, 9, 10 ndi 11, ndipo ndi amene amatulutsa PWM, kuyatsa ndi kuzimitsa mofulumira kwambiri kuja kumene timachepetsera kapena kuwonjezera liwiro la mota. Kuli mapini enanso 6 a analogi, A0 mpaka A5, amene amawerenga mavolti n'kukupatsani nambala kuyambira 0 mpaka 1023.

Chimene ndimaikondera kwambiri Uno ndi choti imagwira ntchito pa 5V. Timasensa tambiri timene oyamba amagula tinapangidwira 5V, ndiye mumangolumikiza basi popanda zowerengera zina. Mabowo ake ndi aakulu, dzina la pini iliyonse linalembedwa pamwamba pomwepo mukuliona, simufunika kuwotcherera chilichonse tsiku loyamba, mungosomeka waya. Ndipo imapirira, anthu amalumikiza mosokoneza kangapo konse koma iyo ikadali moyo.

Ili ndi timisampha take tomwe ndi bwino kutidziwiratu. Mapini 0 ndi 1 ndi omwe bodi imalankhulira ndi kompyuta kudzera pa USB, ndiye mukasomekapo kamodyu ka Bluetooth ngati HC-05 kenako n'kuyesa kulowetsa pulogalamu yatsopano, ikana, mpaka mutazula mawaya awiriwo. China, mukagwiritsa ntchito library ya Servo, khodi yolembedwa kale yoyendetsera servo, kamota kotembenuka n'kuima pamene mwakauza, PWM ya pa mapini 9 ndi 10 imasiya kugwira, ndiye ngati liwiro la mamota anu mumaliwongolera pamenepo mudzangoona kuti tayala limodzi kapena onse sakumveranso chiikireni servo yotembenuza sensa, ndipo mukhoza kutaya tsiku lonse mukufufuza mawaya pomwe vuto lili pa kusankha pini. Sunthirani mamotawo pa 5 ndi 6, nkhani yatha.

Popeza mapulani a Arduino ndi otseguka kwa aliyense, makampani ambiri amapanga zofanana nazo, ndipo zimagwira bwino. Kusiyana kumene mungakumane nako ndi koti zambiri zimakhala ndi chip ya USB yotchedwa CH340, ndiye pa makompyuta ena muyenera kuika dalaivala yake kaye, apo ayi bodi siioneka pa mndandanda wa ma port. Nano ndi Uno yomweyo yopanikizidwa, chip ndi imodzimodzi, imalowa bwinobwino pa breadboard, kabolodi ka mabowo kosomekapo mawaya osawotcherera, ndipo ngati Nano yanu ikukana kulandira pulogalamu yesani kusankha Old Bootloader pa menyu ya Processor mu Arduino IDE, pulogalamu ya pa kompyuta yolembera khodi ya Arduino, kawirikawiri ndi pomwepo.

Kuipa kwake? Ilibe WiFi, ilibe Bluetooth, ndipo chilankhulo chake ndi C++, kutanthauza kuti mukaiwala kachizindikiro ka semicolon (;) kamodzi kokha pulogalamu yonse imakana, uthenga wofiira wa vutolo n'kumaloza mzere wina osati umene mwalakwitsawo. Masabata oyamba zimatopetsa koma zimazolowereka. Mu 2023 kunatuluka Uno R4 yokhala ndi chip ya Renesas ya 48 MHz ndi RAM ya 32 KB, ina mwa izo ili ndi WiFi komanso tinyale 96 pamwamba, ndipo ikadali ya 5V. Ndi yabwino, kungoti ma library ena akale amene analembedwera ATmega328P yeniyeniyo sagwira pa R4, ndiye woyamba amene akutsatira maphunziro akale a pa intaneti amayenda mosaphunthwa kwambiri ndi Uno yakale ija, yotchedwa R3.

micro:bit

Ngati amene akuphunzirayo ndi mwana, kapena ndinu aphunzitsi muli ndi kalasi yonse, apa ine sindikayika, micro:bit. BBC inagawa mabodi amenewa pafupifupi 1 miliyoni mu 2016 kwa ana a zaka 11 ndi 12 m'sukulu za ku UK, ndipo anapangidwa kuti mwana aone zotsatira mphindi zoyambirira zomwe. Pa bodi pomwepo pali kale tinyale 25, mabatani awiri A ndi B, sensa yomva kupendekeka ndi kugwedezeka, kampasi, Bluetooth ndi kawailesi kolankhulirana ndi micro:bit inzake. V2 imene inabwera mu 2020 anawonjezera sipika ndi maikolofoni. Pulogalamu mumalemba pa MakeCode ya Microsoft mu browser, mongokoka timabuloko n'kutilumikiza, ndiye palibe za kuiwala semicolon zija, mukamaliza mumakopera fayilo ku bodi ngati mukukopera pa flash. Mwana akakula pang'ono amadina batani n'kuona mabuloko omwe aja atasanduka JavaScript kapena Python, ndipo mlatho umenewu ndi wabwino kwambiri.

Chimene chimasangalatsa ndi kawailesi kaja. Micro:bit imodzi pa loboti, ina m'manja, mukaipendeketsa kutsogolo loboti ikupita kutsogolo, mukaipendeketsa kumanzere ikukhota, zonsezi ndi timabuloko tochepa chabe, pomwe pa Uno kuti mufike pamenepo mufunika mamodyu awiri owonjezera ndi mawaya ambiri.

Koma micro:bit payokha siyendetsa loboti. Mabowo aakulu opanirapo mawaya ndi 0, 1 ndi 2 okha kuphatikiza 3V ndi GND, mbali ya minus ya magetsi, mapini enawo ndi timizere ting'onoting'ono m'munsi tomwe simungatifikire popanda kabodi kosomekamo, ndipo ena mwa iwo amagawana ntchito ndi tinyale ndi mabatani aja. Ndiye pamapeto pake mumagula kagalimoto kopangiratu monga Maqueen ya DFRobot kapena Cutebot ya Elecfreaks, n'kusomekamo micro:bit, mamota ndi masensa zili kale pamenepo. Mwana aphunzira kuganiza ngati wolemba mapulogalamu, zimenezo n'zoona, koma za magetsi, chifukwa chake mota imafuna kabodi kake, chifukwa chake GND iyenera kulumikizana, saziona chifukwa zonse zinabisidwa. Kwa mwana wa zaka 10 palibe cholakwika. Kwa munthu amene akufuna kudzapanga makina akeake mtsogolo, adzafunikabe kubwerera kudzagwira mawaya.

Raspberry Pi Pico

Pico inatuluka mu January 2021 ndi chip ya kampani ya Raspberry Pi yomweyo, RP2040, yokhala ndi ma core awiri ofika 133 MHz, RAM ya 264 KB ndi malo osungira a 2 MB. Mukayerekeza ndi 2 KB ya Uno muona kuti n'kutali. Mapini ogwiritsa ntchito alipo 26 ndipo iliyonse itha kutulutsa PWM, ndiye zoti pini iyi yatha, ndisunthire kuti, sizivuta ngati pa Uno. Pico W ya 2022 ili ndi WiFi, ndipo mu 2024 kunabwera Pico 2 ya chip ya RP2350.

Chifukwa chenicheni chosankhira Pico ndi MicroPython, Python yochepetsedwa imene Damien George anayambitsa mu 2013. Mumagwira batani la BOOTSEL posomeka USB, bodi imaoneka ngati flash, mumaponyamo fayilo ya MicroPython ya mtundu wa UF2 kamodzi kokha, kenako mumatsegula Thonny, pulogalamu ya pa kompyuta yolembera Python. M'munsi mwa Thonny muli malo oti mukalemba mzere umodzi n'kudina Enter, bodi imachita nthawi yomweyo. Mulembe kuti pini iyi ikhale 1, tayala layamba kuzungulira patebulo pomwepo, mulembe 0, laima. Pofufuza vuto zimenezi n'zamtengo wapatali, chifukwa pa Arduino kusintha nambala imodzi ndiye kuti mudikire pulogalamu yonse imangidwenso n'kulowetsedwanso. Ngati mumadziwa kale Python ngakhale pang'ono, Pico idzakukomerani kuposa Uno, ndipo musaiwale kusunga pulogalamu yanu pa bodi ndi dzina loti main.py, apo ayi mukazula USB n'kuika mabatire loboti ingokhala phee, chifukwa fayilo ya dzina limenelo ndi imene imayamba yokha magetsi akabwera. Pini ya VSYS, yolowetsera magetsi, imalandira kuyambira 1.8V mpaka 5.5V, ndiye mabatire atatu a AA amaiyatsa mwachindunji.

Zovuta zake ndi zogwirika ndi manja. Pico wamba imabwera yopanda miyendo, muyenera kuwotcherera nokha mapini 40 kapena kufunafuna Pico H imene inawotchereredwa kale. Pa Pico yoyamba ija mayina a mapini analembedwa kunsi, ndiye mukaisomeka pa breadboard simukuonanso kalikonse, sindikizani chithunzi cha mapini chikhale pambali panu, ndipo chenjerani kuti GP15 ndi pini ya nambala 15 powerenga miyendo ndi zinthu ziwiri zosiyana. Mapini a analogi ndi atatu okha, GP26, GP27 ndi GP28, ndiye loboti yotsata mzere ya masensa asanu a analogi siikwana.

Koma chachikulu ndi 3.3V. Pini ya Pico siifuna kulandira 5V. Tengani sensa ya mtunda ya HC-SR04, ya timaso tiwiri ija imene ili pa loboti yoyamba ya pafupifupi aliyense. Mumaitumizira kachizindikiro ka ma microsecond 10 pa Trig, iyo imatulutsa phokoso la 40 kHz limene khutu silimva, phokosolo likagunda chinthu n'kubwerera pini ya Echo imakuuzani nthawi imene latenga, mugawe ma microsecond amenewo ndi 58 mwapeza masentimita. Vuto ndi loti Echo imatulutsa 5V. Pa Uno mumangosomeka. Pa Pico muyenera kuika ma resistor awiri, wa 1k kuchoka pa Echo kupita pa pini, wa 2k kuchoka pa pini kupita pa GND, kuti afike pafupifupi 3.3V. Si ntchito yaikulu, koma woyamba amene akutsatira chithunzi chojambulidwira Uno sadziwa zimenezi, ndipo pini imawonongeka mwakachetechete. Safunsa anadya phula, modyu iliyonse musanaisomeke yambani mwafufuza kuti imatulutsa mavolti angati.

ESP32

Iyi ndi imene anthu ambiri amaikhumbira, ndipo ndikumvetsa. Kampani ya Espressif ya ku Shanghai inaitulutsa mu 2016, ma core awiri ofika 240 MHz, RAM ya 520 KB, WiFi ndi Bluetooth zili mkati momwemo. Mutha kuipanga kuti itulutse WiFi yakeyake, foni yanu ilumikizeko, mutsegule browser muone mabatani a kutsogolo, kumbuyo, kumanja, kumanzere, loboti n'kumayenda popanda app iliyonse kapena intaneti. Imalembedwa ndi Arduino IDE yomweyo, kapena MicroPython ngati mukufuna.

Komabe ine ndimati ikhale bodi yachiwiri. Chifukwa chake ndi choti ili ndi malamulo ambiri obisika, ndipo woyamba sangasiyanitse ngati walakwitsa ndi iye kapena ndi khalidwe la bodi. Mapini 34, 35, 36 ndi 39 amangolandira, satulutsa, ndiye mukalumikizapo kabodi koyendetsa mota sichichitika chilichonse. Mapini 6 mpaka 11 analumikizidwa ku flash ya mkati, mukawakhudza bodi imasokonezeka. Mapini ena monga 0, 2, 12 ndi 15 bodi imawayang'ana poyaka, ndiye kasensa kolumikizidwa pamenepo katha kuiletsa kuyaka kapena kulandira pulogalamu. Gulu lina la mapini a analogi, la ADC2, siliwerenga WiFi ikayaka, ndiye loboti imene imatsata mzere bwinobwino dzulo lero mwawonjezera WiFi yachita khungu. Ndiyenso dzina loti ESP32 ndi la banja lonse, pali yoyamba ija, pali C3, pali S3, mabodi a mapini 30 ndi a 38, ndipo khodi ya BluetoothSerial imene mupeze m'maphunziro ambiri imagwira pa ESP32 yoyamba yokha chifukwa C3 ndi S3 zili ndi Bluetooth ya mtundu wa BLE basi. Nayonso ndi ya 3.3V, ndiye za ma resistor zija zikukhudzaninso. Zonsezi zimaphunzirika, koma n'zosavuta kuziphunzira mutayendetsapo kale loboti imodzi ndipo mukudziwa kuti mawaya anu ali bwino.

Ena amafunsa za Raspberry Pi yaikulu ija, 4 kapena 5. Imeneyo ndi kompyuta yathunthu ya Linux, imatenga nthawi kuyaka, imafuna magetsi ambiri, ilibe mapini a analogi, ndipo mukaizimitsa mwadzidzidzi memory card itha kuwonongeka, pomwe loboti yoyamba imazimitsidwa mwadzidzidzi kambirimbiri. Idikireni mpaka mudzafune kamera yozindikira zinthu. Makiti opangiratu monga mBot ya Makeblock kapena SPIKE Prime ya LEGO, imene inatsala LEGO itasiya kupanga Mindstorms mu 2022, ndi abwino pa kalasi chifukwa mapulagi ake salowa mozondoka, koma amabisa magetsi mofanana ndi timagalimoto ta micro:bit tija.

Mamota ndi mabatire, pomwe maloboti ambiri amafera

Mungasankhe bodi iliyonse pamwambapa, loboti yanu yoyamba ikadzakana kuyenda mwina vuto silidzakhala bodi. Pini ya Uno inapangidwa kuti izitulutsa pafupifupi 20 mA, ndipo malire ake enieni ndi 40 mA. Kamota kachikasu kaja kamakoka kuposa pamenepo kangapo ngakhale tayala lili m'mwamba, ndipo tayala likakanirira pakhoma katha kufika cha m'ma 1 A. Ndiye mota siilumikizidwa pa pini mwachindunji, zivute zitani. Pakati pamafunika motor driver, kabodi kokhala ndi maswichi anayi a magetsi pa mota iliyonse, awiri akatseka magetsi amadutsa mbali iyi, ena awiriwo akatseka amadutsa mobwerera, motero tayala limapita kutsogolo kapena kumbuyo, mphamvu ikuchokera ku batire, bodi ikungolamula.

Apanso pali kusankha, ndipo kunena zoona kusankha uku n'kofunika kuposa kwa bodi. L298N, yofiira yokhala ndi chitsulo chakuda chochotsera kutentha ija, ndi imene ili m'maphunziro ambiri, mawaya ake amamangidwa ndi masikuluu ndiye sachedwa kulumikiza. Koma ndi yakalekale, imadya pafupifupi 2V mkati mwake n'kuisandutsa kutentha. Muike mabatire anayi a AA, amenewo ndi 6V, ku mota kufika pafupifupi 4V, mabatire akangofooka pang'ono loboti imangolira osasuntha, kapena tayala limodzi kuyenda lina ayi. Ilinso ndi timajampa pa ENA ndi ENB, mukapanda kutichotsa n'kulumikiza mapini a PWM pamenepo mamota amangothamanga liwiro lonse. L293D imene imakhala pa ma shield osomeka pamwamba pa Uno ili ndi vuto lomwelo lodya mavolti, ndipo imapereka 600 mA yokha pa mota. TB6612FNG ya Toshiba ndi kakang'ono, imataya magetsi ochepa kwambiri, imapereka 1.2 A pa mota, ndipo imamva bwino mabodi a 3.3V. Ine ndingasankhe imeneyi nthawi iliyonse, kungoti nthawi zambiri imafuna kuwotcherera miyendo, ndipo pini yake ya STBY iyenera kupatsidwa magetsi, ikasiyidwa yokha kabodi kamagona, mamota osayenda ngakhale zina zonse zili bwino. DRV8833 nayo ndi yabwino makamaka ngati mabatire anu ndi a mavolti ochepa.

Mabatire. Ya 9V yamakona ija isakunamizeni ndi nambala yake, singathe kupereka magetsi amene mamota awiri amafuna, imagwa mphindi zochepa. Ma AA ndi poyambira pabwino, koma dziwani kuti otchajanso a NiMH ndi 1.2V iliyonse osati 1.5V, ndiye anayi ndi 4.8V basi, ndipo pini ya VIN ya Uno imafuna 7V mpaka 12V kuti igwire bwino, choncho pa Uno ndi L298N ganizirani ma AA asanu ndi limodzi. Ma 18650 awiri olumikizidwa motsatizana amapereka 7.4V, akadzaza 8.4V, ndipo loboti imayenda mwamphamvu nthawi yaitali, koma amenewa ndi a lithiamu, mawaya akagundana amatentha msangamsanga ndipo atha kuyaka, ndiye pafunika chaja yake yoyenera, chitetezo, ndi swichi imene mungaifikire mwachangu. Kwa ana khalani pa AA. Power bank ya foni imagwira poyatsa bodi, koma zambiri zimadzizimitsa zikaona kuti magetsi akukokedwa ochepa.

Zizindikiro za vuto la magetsi zimafanana pa mabodi onse. Loboti ili bwino matayala ali m'mwamba, mukaiika pansi imanjenjemera n'kuyambanso pulogalamu, chifukwa mamota akamayamba amakoka kwambiri, mavolti amagwa, bodi imazima kamphindi. ESP32 imachita kulemba pa Serial Monitor kuti brownout, ndipo ndi imene imavutika kwambiri chifukwa WiFi nayo imakoka mwadzidzidzi. Mankhwala ake ndi mabatire amphamvu, kapena bodi ikhale ndi magetsi akeake osiyana ndi a mamota, ndi kapasita wa 100 nF wowotchereredwa pa miyendo iwiri ya mota iliyonse. Ndipo mukagawa magetsi choncho GND ya bodi ndi GND ya motor driver zilumikizane ndi waya, popanda waya mmodzi ameneyu chizindikiro cha bodi chilibe poyezera, mamota amachita zawozawo kapena osayenda n'komwe.

Ngati zida simunazipeze, yambani pa kompyuta. Tinkercad Circuits ili ndi Uno ndi micro:bit, Wokwi ili ndi Uno, Pico ndi ESP32, ndipo MakeCode ili ndi micro:bit yoyeserera pambali pomwepo. N'zothandizanso posankha, lembani kapulogalamu kamodzi kowerenga sensa ya mtunda mu C++ kenako mu MicroPython muone chimene chikukulowani m'mutu msanga. Kungoti za batire kufooka ndi waya wolowa mosakhwima simudzazimva bwino kumeneko.

Ndiye mwana kapena kalasi, micro:bit. Wodziwa Python amene saopa kuwotcherera, Pico. Amene cholinga chake ndi kuyendetsa ndi foni ndipo anagwirapo kale zamagetsi, ESP32 yoyamba ija osati C3 kapena S3. Ena nonse Uno, ndi TB6612FNG ngati mungaipeze. Zida zikafika musamange zonse tsiku limodzi, yambani ndi kanyale kothwanima ka pa pini 13, kenako sensa yokha manambala ake akuoneka pa sikirini mukusuntha dzanja kutsogolo kwake, kenako mota imodzi loboti itakhazikidwa pa kabokosi matayala asakugunda pansi. Tayala limodzi likazungulira chobwerera ingosinthanitsani mawaya awiri a mota imeneyo. Mukaiika pansi mudzaona kuti siyenda molunjika ngakhale mamota onse mwawapatsa nambala imodzi, palibe mamota awiri ofanana ndendende, chepetsani PWM ya mbali yothamangayo pang'onopang'ono mpaka iwongoke. Pa Arduino samalaninso ndi delay, lamulo louza bodi kudikira, nthawi imene bodi ikudikira siwerenga sensa, ndiye delay ya sekondi imodzi ndi sekondi yathunthu imene loboti ikuyenda osaona, phunzirani msanga millis, lamulo lowerenga nthawi popanda kuimitsa pulogalamu.

Pa ntchito yoyamba yeniyeni, yothawa khoma ndi yosavuta kulumikiza koma HC-SR04 imanamizidwa ndi nsalu, makatani ndi khoma limene yalipeza chammbali, chifukwa phokoso limamezedwa kapena limabwerera kwina. Yotsata mzere imaphunzitsa zambiri. Masensa awiri a TCRT5000 akhale mamilimita ochepa kuchoka pansi, wina kumanja wina kumanzere kwa mzere, mzerewo mupange ndi tepi yakuda ya magetsi pa pepala loyera, makona akhale ozungulira osati akuthwa, ndipo muyesere m'nyumba kutali ndi zenera chifukwa kuwala kwa dzuwa kumasokoneza masensa amenewa. Liwiro liyambe lochepa, mukaona kuti ikumaliza njira yonse osataya mzere muziwonjezera pang'onopang'ono.